Njala M'madzi Oyera

Munthu akaimirira patsogolo pa thanki ya galasi yosungiramo zamoyo za m'nyanja ya mchere, chinthu choyamba kuchiyamikira ndi kuyera kwa madzi. Akaona madzi ali mbee, amati mwini wake ndi waukhondo ndipo zoweta zake zili pa mtendere. Koma akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali zamoyo zina zimene zimafa ndi njala m'madzi oyera chotere.

Zamoyo zimenezi zilibe fupa la msana ndipo sizisaka chakudya. Zimakhala malo amodzi n'kumasefa madzi monga momwe mayi amasefera ufa, kusiyana kwake n'kwakuti izo zimadya zotsalira m'sefa. M'gulu limeneli muli siponji, nkhono za zigoba ziwiri monga oyisitara, ndiponso nyongolotsi zokhala m'kachubu zimene zimatambasula timanja tonga nthenga. Chakudya chawo ndi pulankitoni, ndiye kuti tizomera ndi tizilombo toyandama, tambiri mwa ito tosaoneka ndi maso. Oyisitara mmodzi wamkulu angathe kusefa malita okwana 190 pa tsiku.

M'nyanja, mafunde amabweretsa chakudya usana ndi usiku. M'thanki mulibe mwayi wotere. Makina oyeretsa madzi sasiyanitsa litsiro ndi chakudya, amachotsa zonse pamodzi. Nsomba ikamva njala imaonda ndipo mwini wake amazindikira, koma nkhono imafooka mwakachetechete m'kati mwa zigoba zake. N'chifukwa chake nkhono yofiira ya ku nyanja ya Caribbean yotchedwa flame scallop, imene ambiri amaigula potengeka ndi kukongola kwake, kawirikawiri imafa patangopita miyezi yochepa.

Kuthira chakudya chambiri sikuthetsa vutoli. Chotsala chimaola n'kutulutsa amoniya, amene ndi chiphe kwa zonse za m'thankimo. Motero woweta ali pakati pa zoopsa ziwiri: akayeretsa madzi kwambiri apha ndi njala, akadyetsa mopyola muyezo apha ndi poizoni.

Akatswiri a ku Monterey Bay Aquarium, malo oonetsera zamoyo za m'nyanja amene anatsegulidwa mu 1984 ku California, anapeza njira yochenjera. Masana amasefa madzi ochokera m'nyanja kuti alendo aone bwino, koma usiku amalowetsa madzi osasefa kuti zamoyo zidye. Madziwo amabwera ndi timbewu ndi tiana ta zamoyo zina, mwakuti mipope yomwe imafunika kupalidwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha zomera m'katimo.

Woweta wa pakhomo, yemwe ali kutali ndi nyanja, amatsata nzeru yomweyo mwa njira yake. Amagula kapena kulima yekha pulankitoni wa mitundu monga Nannochloropsis ndi Isochrysis m'mabotolo oikidwa powala. Pa nthawi yodyetsa amayamba wazimitsa makina oyeretsa madzi kwa kanthawi, kenaka n'kuthira chakudya pang'ono kumtunda kwa kumene madzi akulowera, kuti chifike chokha. Kupopera chakudya pathupi pa kanyamako kumakadzidzimutsa, ndipo kamadzitsekera osadya. Lamulo lake ndi lakuti pang'ono koma kawirikawiri.

Palinso zina zoyenera kusamala. Mchere ukhale magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndipo kwa zamoyo za m'nyanja zofunda kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa sayenera kulowa m'thanki yotere, pakuti amapha zamoyo zopanda fupa la msana. Siponji asatulutsidwe m'madzi ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya ukalowa m'timabowo take umatseka njira za chakudya.

Nkhono zikuluzikulu za mtundu wa Tridacna zili ndi mwayi wina. M'mnofu mwawo mumakhala tindere timene timapanga chakudya ndi kuwala, choncho zimafuna nyali zamphamvu ndi kasiyamu womangira zigoba. Yaikulu mwa zonse, Tridacna gigas, imatha kulemera kupitirira makilogalamu 200. Malonda ake amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, ndipo ku zilumba monga Palau ndi Marshall anthu amaziweta kuti za m'nyanja zisathe.

Zizindikiro za mavuto zilipo kwa amene ali ndi diso. Nkhono yathanzi imatseka zigoba msanga chithunzithunzi cha dzanja chikadutsa pamwamba pake, pamene yodwala imangoti yasaa. Nyongolotsi ikavutika imataya nthenga zake. Koma kawirikawiri zizindikirozi zimaoneka madzi atafika kale m'khosi. N'chifukwa chake woweta wanzeru asanafunse mtengo wa kanyama kokongola, amayamba wafunsa chimene kamadya, ndipo ngati alibe njira yochipezera amakasiya.