Duwa lomwe silipirira dzuwa

Mvula ikakhazikika, pa miyala yonyowa ya m'nkhalango za m'mapiri a dziko lino pamatuluka kachomera ka tsinde lofiira ndi maluwa a mtundu wa olenji. Akatswiri a zomera amakatcha Begonia sutherlandii, dzina lomwe Joseph Hooker wa ku Kew adakapatsa mu 1868 polemekeza Peter Sutherland, mkulu woyeza malo ku Natal. Kamapezeka kuyambira ku Tanzania mpaka ku South Africa, ndipo malo omwe kamakonda ndi onga a pa phiri la Dedza, lotalika mamita pafupifupi 2,200: kozizira, kwa nkhungu, pa mthunzi wa mitengo yosayoyola masamba.

Kukazindikira n'kosavuta. Tsamba lake ndi lopendekeka, mbali imodzi kukula kuposa inzake, monga zilili ndi abale ake ambiri mwa mitundu yoposa 2,000 ya begonia padziko lapansi. Maluwa aamuna ndi aakazi amakhala paokhapaokha pa chomera chimodzi, ndipo lalikazi lili ndi timapiko titatu kumbuyo kwake. Apa pali kaukathyali pang'ono. Duwa lalimuna limapatsa njuchi mungu, koma lalikazi lilibe chopereka. Limangofanana ndi linzakelo, njuchi n'kuterapo molakwitsa, n'kusiyapo mungu.

Nanga chilimwe kamapulumuka bwanji? Masamba ndi tsinde zimauma, moyo n'kutsalira m'kachinangwa kake ka pansi, konga kachewere yemwe alimi a ku Dedza amamudziwa bwino. Kuwonjezera pa njere zake zosalala ngati fumbi, kamabalanso timibulu m'mphanda za masamba, tomwe timagwa n'kumera patokha.

Chilala cha miyezi ingapo kamapirira ndithu, koma kuchoka kwa mthunzi ayi. Mitengo yachilengedwe ikadulidwa kapena moto wolusa ukalowa m'nkhalango, dzuwa limawomba pa mwala, ndere zosunga chinyezi n'kuuma, masamba ake opyapyala n'kupserera. Mbali yaikulu ya phiri la Dedza idabzalidwa paini, ndipo nkhalango yachilengedwe idatsala m'zigawo zing'onozing'ono. Paini amatipatsa matabwa, palibe wotsutsa, koma kuwerenga mitengo yokha n'kunena kuti phiri lavala n'kudzinamiza. Ophunzira a pa koleji ya zankhalango ku Chongoni angachite bwino kumalembanso zomera zapansi za m'zigawo zotsalazo nyengo ya dzinja, pomwe zikuoneka.