Bondo likakana, maloto a mpira amathera pabwalo la fumbi

Kwa Inkosi Chindi ku Euthini m'boma la Mzimba, masana a Loweruka ndi Lamulungu m'nyengo ya chilimwe ndi a mpira. Fodya amakhala atapita kumsika, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ana ndi akulu omwe amakhamukira kubwalo la pasukulu kukachemerera anyamata awo.

Pa timu iliyonse yotere sipalephera kupezeka mnyamata wojintcha amene amaima pakati kumbuyo, kutsogolo kwa goloboyi. Mipira ya m'mwamba amaibweza ndi mutu, ya pansi amaitchinga ndi mwendo. Ochemerera amamupatsa dzina la katswiri wa ku Ulaya, pomwe aphunzitsi amamulimbikitsa kuti akhoze mayeso a Fomu 4, apite kukoleji, akaonedwe ndi matimu a ku Mzuzu.

Ndiye tsiku lina, popanda womutchera kapena womukankha, amatembenuka mwaliwiro kuti athamangitse mdani. Phazi limatsalira pansi, thupi n'kuzungulira, bondo n'kupotoka. Amamva kulira kwa thwa! mkati mwa bondo n'kugwa. Wina amamukoka mwendo, wina amamuthira madzi, mpira n'kupitirira. Pofika madzulo, bondo latupa ngati dzungu.

Zimene banja ndi timu yake achite kuyambira usiku umenewo kufikira miyezi ingapo kutsogolo ndi zimene zimagamula ngati mnyamatayo adzavalenso yunifolomu.

Njira ilipo

Maloto a mnyamata wotereyu si a chabe. Chigawo cha kumpoto chakhala ndi matimu ake mu ligi yaikulu ya Super League monga Moyale Barracks, Karonga United ndi Chitipa United. Ekwendeni Hammers, yomwe idabadwira m'boma lomweli la Mzimba, idasewera koyamba mu ligiyi mu nyengo ya 2020/21 ndipo idafika ndime yotsiriza ya chikho cha FDH Bank mu 2021. Nayo sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, yomwe idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, idali ndi timu ya Mzuni FC imene idasewera mu Super League isadasinthe dzina kukhala Mzuzu Warriors.

Otchinga kumbuyo adachitirapo dziko lino zazikulu. Pa 11 January 2010 ku Angola, Flames idathambitsa Algeria ndi zigoli 3 kwa duu mu mpikisano wa mayiko a mu Africa. Mtsogoleri wa osewera adali difenda Peter Mponda, ndipo chimodzi mwa zigolizo adachinya ndi difenda mnzake Elvis Kafoteka. Pa 18 January 2022 ku Cameroon, khoma la Flames lidakaniza Sadio Mane ndi anzake a Senegal kuona ukonde, masewero n'kutha 0 kwa 0. Senegal yomweyo ndiyo idakatenga chikhocho.

Limbikani Mzava adadya mpira kwa zaka zambiri ku South Africa, m'matimu monga Bloemfontein Celtic, Golden Arrows ndi Highlands Park. Ku Mzimba, kumene mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Joni, mnyamata wa mpira amalakalaka kudzatsikira komweko, koma atanyamula nsapato za mpira.

Zonsezi zimafuna mawondo awiri amphumphu.

Chimaduka n'chiyani?

Mkati mwa bondo muli mitsempha iwiri yolimba imene imapingasana, kumangirira fupa la ntchafu ku fupa la msongolo. Wakutsogolo, umene madokotala amautchula mwachidule kuti ACL, ndiwo umaletsa fupa la msongolo kuterereka kapena kupotoka munthu akamakhota akuthamanga.

Nthawi zambiri mtsemphawu umaduka popanda kugundana ndi munthu. Difenda ali pachiopsezo chifukwa ntchito yake ndi yotsatira mdani: kuthamanga chambuyo, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, kudumpha ndi kutera ndi mwendo umodzi. Bwalo likakhala louma gwa, la zitunda ndi maenje, mwayi wa ngozi umakula.

Chovuta n'chakuti bondo limanamiza mwini wake. Pakatha milungu ingapo kutupa kumaphwa, ululu umachepa, mnyamata amayenda bwinobwino mpaka kupalasa njinga. Onse amati wachira. Komatu mtsempha wa ACL ukadukiratu, kawirikawiri subwerera wokha mmene udalili. Akangoyesa kukhota pabwalo, bondo limagwedera n'kumugwetsa. Kugwedera kulikonse kukhoza kung'amba kamnofu kolimba kamene kamakhala ngati khushoni pakati pa mafupa awiri aja, ndipo mapeto ake akhoza kukhala nyamakazi ya m'bondo munthu akadali wachinyamata.

Kunja amadikira

Okonda mpira amene amadzaza nyumba zoonetsera masewero a ku England m'misika ya ku Mzimba akukumbukira za pa 17 October 2020. Tsikulo Virgil van Dijk, difenda amene Liverpool idamugula ndi mapaundi 75 miliyoni kuchokera ku Southampton, adavulala mtsempha womwewu atawombedwa ndi goloboyi wa Everton, Jordan Pickford. Adamuchita opaleshoni, ndipo ngakhale adazunguliridwa ndi madokotala odziwa ntchito, sadasewerenso mpaka kumapeto kwa July 2021, patatha miyezi 9. Mu 2025 adakweza chikho cha ligi ya England ali mtsogoleri wa osewera a Liverpool.

Ku America kuli mpira wina wogwira ndi manja, umene osewera amavala zisoti, ndipo matimu akuluakulu amasankha osewera awo kuchokera m'makoleji. Jeffery Simmons, wotchinga wa sukulu ya Mississippi State, adaduka ACL pokonzekera mu February 2019, kutatsala miyezi iwiri kuti chisankho chichitike. Ngakhale zidali choncho, timu ya Tennessee Titans idamusankhabe pa nambala 19, n'kumudikira mpaka October chaka chomwecho.

Awiriwa sadali ndi mawondo achitsulo. Chimene adali nacho ndi dokotala wowauza msanga chimene chaduka, chithandizo choyenera, komanso timu yololera kudikira uku ikuwasamalira.

Ulendo wa wovulala

Mnyamata wa ku Euthini amayamba ndi chipatala cha kwawo, nthawi zambiri atakwezedwa pa kabaza. Zikavuta amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Mzimba, kenako ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto. Ulendo uliwonse umafuna ndalama ya thiransipoti, chakudya ndi womudikirira.

Apa m'pamene mabanja ambiri amasokonezeka. X-ray imaonetsa mafupa, osati mitsempha. Akamva kuti fupa silidathyoke, makolo amapumira m'mwamba n'kubwerera kumudzi, osadziwa kuti vuto likadali mkati. Makina amene amaonetsa bwino mitsempha ndi a MRI, ndipo oyamba m'dziko muno adafika pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre mu 2008.

Izi sizikutanthauza kuti popanda makinawo palibe thandizo. Kuyambira mu 1985, dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira a za mafupa amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Wodziwa ntchito amatha kuzindikira mtsempha woduka pongogwira bondo ndi kukoka msongolo ndi manja. Chofunika n'kumufotokozera zonse: mmene mwendo udapotokera, kulira kumene kudamveka, nthawi imene bondo lidatupa, komanso ngati limagwedera poyenda. Milandu yovuta imatha kutumizidwa kwa akatswiri, monga a pa chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Mdani wina ndi changu. Mpira wa kumudzi ulibe kontirakiti ngakhale inshuwalansi. Bonanza ikayandikira, ndipo pali ndalama, mipira ndi yunifolomu zoti apate, akuluakulu a timu amafika pakhomo kudzapempha kuti khoma lawo libwerere. Naye mnyamata amaopa kuti malo ake atengedwa, kapena kuti ofuna osewera adutsa iye ali pabenchi. Amamanga bandeji, kumwa mapilitsi opha ululu n'kulowa m'bwalo. Mphindi 90 zimenezo zikhoza kumulanda zaka khumi za mpira.

Zimene banja lingachite

Achipatala amalangiza kuti wovulala bondo atuluke m'bwalo nthawi yomweyo. Mwendo usakokedwe kapena kutikitidwa mwamphamvu. Augoneke pamalo okwererapo, aikepo ayezi wokulunga m'kansalu kapena nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, amange bandeji mosathinitsa, n'kupita kuchipatala. Kutema mphini pa bondo lotupa sikulumikiza mtsempha, ndipo kukhoza kulowetsa tizilombo.

Si onse amene amafunika opaleshoni. Mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu, akatsatidwa mokhulupirika kwa miyezi ingapo, amathandiza ambiri kuyenda, kulima ndi kugwira ntchito popanda vuto. Amene akufuna kubwerera ku mpira wa mpikisano nthawi zambiri ndiwo amafunika opaleshoni, ndipo akatero madokotala ambiri amalangiza kudikira miyezi 9 kapena kuposerapo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupewa nako n'kotheka, ndipo sikulira ndalama. Mu 2006 padakhazikitsidwa ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi pafupifupi 20, imene imaphunzitsa osewera kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi kutera bondo lisakupindikira mkati. Matimu amene amaichita kawiri kapena katatu pamlungu amachepetsa kuvulala kwa osewera awo. Siifuna chipangizo chilichonse chodula, koma kochi wolimbikira. Makasu ochepa okwirira maenje ndi kusalaza zitunda ligi isadayambe nawonso amapulumutsa mawondo.

Chotsala ndi sukulu. Miyezi imene mnyamata akuyendera ndodo ndi imene ambiri amataya mtima, n'kusiya mpira ndi makope omwe. Koma mwana amene wagwira satifiketi ya MSCE ali ndi khomo la koleji, la uphunzitsi, ngakhale la maphunziro a ukochi ndi uoyimbira mpira. Mponda, amene adatsogolera Flames ku Angola, atasiya kusewera adakhala kochi, ndipo mu 2024 adatenga ligi ndi Silver Strikers.

Chilimwe chikafika, fumbi lidzabukanso pabwalo la ku Euthini, ndipo mnyamata wina wojintcha adzagwa atagwira bondo. Anzake akadzathamangira kukamukoka mwendo kuti adzuke apitirize, padzafunika kholo, mphunzitsi kapena kochi mmodzi wolimba mtima woti awaletse n'kuitana kabaza.