Mapepala a chitukuko ndi anu: mmene mungalondolozere ntchito za phungu ndi khansala

Pamsonkhano mtsogoleri aliyense amanena kuti wagwira ntchito. Nanga mlimi wa kachewere ku Bembeke, amene galimoto yogula mbewu zake imalephera kuwoloka mtsinje dzinja lililonse, angatsimikize bwanji kuti ndalama za mlatho zinabwera kapena ayi? Yankho lili m'mapepala amene khonsolo imasunga, ndipo mapepalawo si chinsinsi.

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Lamulo lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka ufuluwu linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limalamula ofesi za boma, kuphatikizapo makhonsolo, kukhala ndi mkulu wolandira mafunso a anthu ndi kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Amene sadziwa kulemba akhoza kupempha pakamwa. Mukakanizidwa popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Koma ufulu wofunsa supindula ngati munthu sakudziwa chofunsa. Tiyeni titenge thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lomwe tonse timangolitcha CDF. Thumbali linakhazikitsidwa mu 2006. Mu 2022 ndalama zake zinakwera kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2024 zinafika pa K200 miliyoni. Izi si ndalama za m'thumba la phungu; ndi misonkho yanu, ndipo zimadzera ku khonsolo.

Choyamba kufunsa ndi kaundula wa zimene makomiti a VDC ndi ADC anagwirizana kuti zichitike m'dera lanu. Kenaka pemphani mndandanda wa ntchito zimene zinavomerezedwa chaka chimenecho, mtengo wa ntchito iliyonse, dzina la kontilakitala ndi ndalama zomwe walandira kale. Mapepala awiriwa muwaike pamodzi. Ngati anthu a kwa Kasumbu anapempha mjigo koma ndalama zinapita ku ntchito imene komiti sinaikambirane, funso loyamba lapezeka: anasintha ndani, ndipo pa msonkhano uti?

Chotsala ndi kuyenda wapansi. Pepala likhoza kunena kuti chipinda chophunziriramo chinatha, pamene pamalopo pali khoma lofika pawindo ndi mulu wa mchenga umene wamera udzu. Pitani anthu angapo pamodzi ndi a mfumu, werengani zolembedwa pachikwangwani cha ntchitoyo, jambulani chithunzi ngati wina ali ndi foni, ndipo lembani tsiku. Apa ndi pamene manambala amasanduka umboni. Sikuti ntchito iliyonse yoima ndi umbava: nthawi zina ndalama zimachedwa kuchoka ku Lilongwe, kapena mtengo wa simenti umakwera ntchito ili mkati. Pepala lomwelo limene lingatsutse mtsogoleri likhozanso kumuyeretsa, ndipo n'chifukwa chake mtsogoleri wokhulupirika saliopa.

Ndinene mosabisa kuti ambirife timayesa phungu potengera mabokosi amaliro amene wagula. Chifundo n'chabwino, koma si ntchito imene tinamusankhira. Zimene phungu walankhula m'Nyumba ya Malamulo zimalembedwa m'buku la Hansard. Za khansala zimapezeka m'zolemba za misonkhano ya khonsolo yonse: kodi amafika, nanga nkhani za wodi yanu anazitula?

Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti aphungu asamatenge nawo mbali pa kayendetsedwe ka CDF. Mkangano wa amene ayenera kugwira kiyi wa thumbali suchotsa ufulu wanu woona manambala.

Pofunsa, tchulani dzina la ntchito, mudzi ndi chaka, ndipo sungani kope la pempho lanu. Zimene mwapeza mupite nazo ku msonkhano wa ADC, khansala wanu ali pomwepo, kuti ziyankhidwe pagulu ndi kulembedwa.