N'chifukwa chiyani zilumba za Ha Long n'zodyeka kunsi?

Nditagona m'boti pa Ha Long Bay, kumpoto kwa Vietnam, ndinadzuka madzi atatsika. Ndinadabwa kuona zilumba zina zitadyeka kunsi, zikuoneka ngati bowa!

Zilumbazi, pafupifupi 1,600, n'zamiyala ya laimu, calcium carbonate ija ya mu Chemistry. Mvula ikasakanikirana ndi carbon dioxide imasanduka asidi wofooka amene amasungunula mwalawu pang'onopang'ono, n'kusiya mapanga, zigwa ndi mapiri osongoka. Nyanja itakwera, zigwazo zinamira, nsonga zokha n'kutsala.

Nanga kudyeka kuja? Mafunde ndi tizamoyo tokanda mwala zimaperesa pamene madzi amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Kunsi kukachepa kwambiri, mwala umagwa. N'chifukwa chake akatswiri akudera nkhawa miyala iwiri yotchuka ya Hon Trong Mai.