KHAMU LITSATA WOYAMBA KULANKHULA

Komboni ya Wusakile mu mzinda wa Kitwe inamangidwa kuti mukhale anchito a mgodi wa Nkana. Anthu a ku Cipata, Katete ndi Petauke amene anakagwirako nchito adziwa kuti m'komboni mau sacedwa kufalikira, ndipo woyamba kulankhula ndiye kawirikawiri atsogolera khamu.

Mu May caka ca 1935, boma la atsamunda litakweza msonkho wa anthu a m'migodi, sitalaka inayamba ku Mufulira, inafika ku Nkana, ndipo pomaliza ku Luanshya, kumene apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. Masiku amenewo kunalibe bungwe la anchito akuda. Uthenga unayenda pakamwa ndiponso mwa magulu a gule wa Mbeni. Ambiri analeka nchito poona kuti anzao aleka, koma dandaulo linali loona, pakuti msonkhowo aliyense anali kuumva m'thumba mwace.

Lero uthenga uyenda pa lamya. Munthu asanagule mbeu kapena cipangizo, ayamba waona zimene ena alemba pa Facebook ndi WhatsApp, ndi nyenyezi zimene apatsa wogulitsayo. Koma ciyamikiro ca anthu ambiri siciyamba ndi anthu ambiri. Mu 2013 Lev Muchnik ndi anzace awiri anayesa zimenezi pa ndemanga zoposa 100,000 za pa intaneti. Zina anazipatsa dala voti imodzi yoyamikira zitangolembedwa, osayang'ana ubwino wace. Potsiriza, ndemanga zimenezo zinaposa zinzace ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Obwera pambuyo anangoponda m'mapazi a woyamba.

Pogula katundu cotayika ndi ndalama cabe, koma nthawi zina citayika ndi moyo. Kumapeto kwa 2019 ku Chingola kunabuka mbiri ya anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba usiku. Mbiriyo inafalikira pa malamya kufikira m'midzi yakutali, ndipo makamu anayamba kumenya alendo ndi odutsa m'njira. Mu March 2020 Edgar Lungu, amene anali Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi makamu otere. Aliyense anakhulupirira cifukwa mnzace anakhulupirira.

Kodi mankhwala ace nciani? Mu 1951 ku America, Solomon Asch anaonetsa anthu mizere kuti achule wofanana utali ndi unzace. Ena onse m'cipindamo anali atauzidwa mseri kuti ayankhe zabodza. Anthu atatu mwa anai alionse anatsatira bodzalo, kamodzi kapena kupitirira, maso ao akuona coonadi. Koma pamene m'gulumo munapezeka mmodzi yekha woyankha zoona, ambiri analimba mtima nanena zimene anaona.

Phunziro limeneli liyenera kufika m'midzi. Pa msonkhano wa kopaletivu, wa makalabu a azimai kapena pa bwalo la anyakwawa, nkwabwino kuti acikulire alankhule pomaliza, kuti ang'onoang'ono asangovomera mwaulemu. Nkhani yolemera aivotere mwacinsinsi. Wotsutsa amveredwe kufikira atatha, pakuti ndiye angapulumutse gulu. Ndipo uthenga wa pa lamya usanapite kwa wina, funso likhale lakuti: anaona ndi maso ace ndani? Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha.