Kanema wa Mliri ndi Mliri Weniweni

Loweruka lina madzulo, titatha kudya, tinasonkhana m'holo kuonera kanema, dzina lake Contagion, amene anapangidwa ku America m'caka ca 2011. Anzanga anatuluka akuseka, koma ine tulo sitinabwere msanga, pakuti agogo anga aamuna anamwalira ndi Covid-19 mu January 2021. Tsono ndati ndifanizire zimene ndinaona m'kanemayu ndi zimene ndinaona ndi maso anga.

Nkhani yake iri motere. Mai wina abwerera kwao ku America kucokera ku Hong Kong ali kutsokomola, ndipo patapita masiku owerengeka amwalira, mwana wake namtsatira. Kacirombo kake kanacokera kwa mleme, kupita kwa nkhumba, kenaka kwa munthu wophika amene anagwirana naye canza. Posacedwa nthendayo yafika dziko lonse lapansi.

Zina nzofanana ndithu. Nthenda zonse ziwiri zimayenda ndi cifuwa ndiponso kukhudzana. M'kanema muli munthu wabodza amene alemera pouza anthu kuti mankhwala ena acabecabe aciritsa. Kwathu kunonso mabodza anali mbwee, makamaka onena za katemera, kotero kuti mu May 2021 Boma linatentha katemera woposa 19,000 amene anatha mphamvu asanabaidwe.

Koma kusiyana kulipo. M'kanema wodwala agwa pansi msanga, aliyense nacita mantha. Covid-19 sanali wotero. Ambiri anacira, ena sanadziwe n'komwe kuti ali naye, ndipo cifukwa ca ici anthu anati ndi nthenda ya olemera. Anayamba kukhulupirira pamene nduna ziwiri za Boma zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 January 2021.

Cinanso, m'kanema katemera agawidwa mwa maere, poyang'ana tsiku limene munthu anabadwa. Kunja kuno maere ake anali cuma. Maiko olemera anayamba kubaya anthu ao mu December 2020, pamene ife woyamba tinamlandira mu March 2021, agogo ali kale m'manda.

Kanemayu sasamalanso za munthu amene akapanda kupita ku msika lero, ana ake agona ndi njala. Mu April 2020 bwalo lalikuru la milandu linaletsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba masiku 21, ndipo za amphawi otere zinanenedwa kwambiri. Sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020 kwa miyezi yoposa isanu. Titabwerera, atsikana awiri a m'kalasi mwathu anali atakwatiwa. Agogo anaikidwa mofulumira ndi anthu obvala zotseka thupi lonse, osationetsa nkhope, osagona pa siwa.

Anzanga, kanema amatha pakapita maola awiri, nyali niziyaka. Mliri sutha motero. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma. Ukadzabweranso wina, ife amene tiri pa sukulu tidzakhale oyamba kumvera aciphatala ndi kufotokozera makolo athu zoona.