Kodi mumadziwa? Fizikisi imadutsa pa Chibanja tsiku lililonse

Kodi mumadziwa kuti pamene mwakhala phee pakhonde ku Chibanja, kapu ya tiyi ili m'manja, mukuthamanga kuposa ndege? Dziko likamazungulira limanyamula Mzuzu yense, misika, matchalitchi ndi inu nomwe, n'kumalowera nazo kum'mawa. Kuno kwathu liwiro lake ndi pafupifupi makilomita 1,640 pa ola, pamene ndege zazikulu zonyamula anthu zimangochezera pa 900.

Ndiye pali ulendo wachiwiri, wozungulira dzuwa, umene tikuyenda makilomita 30 pa sekondi iliyonse. Pa liwiro limenelo, mutanyamuka pa depoti ya Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, mungafike kondakitala asanatseke n'komwe chitseko. Masekondi awiri sakwana!

Nanga bwanji tiyi uja satayika? Thupi silimva liwiro, limangomva liwiro likamasintha basi. Isaac Newton analemba lamulo limeneli m'buku lake lotchedwa Principia m'chaka cha 1687, zaka zoposa 330 zapitazo.

Mwaliiwala lamulolo? Minibasi ikukumbutsani tsiku limene dalaivala adzaponde mabuleki mwadzidzidzi, inu n'kukagunditsa mphumi pampando wakutsogolo. Palibe amene wakukankhani ayi: galimoto ndi imene yaima, inuyo mukupitiriza ulendo pa liwiro lomwe lija.

Apa ndiye tcherani khutu, makamaka inu amayi okhala mpando wakutsogolo mwana ali pamiyendo. Galimoto ya makilomita 50 pa ola ikawomba khoma, n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Ikaima m'kagawo kamodzi mwa magawo khumi a sekondi, mwana wa makilogalamu 10 amakusomphokani m'manja ndi mphamvu ya katundu wa makilogalamu 140, pafupifupi matumba atatu a simenti!

Madalaivala ambiri amaganiza kuti akawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira nawo uwirikiza kawiri. Ayi ndithu, achimwene, umawirikiza kanayi. Mabuleki amene amakuimitsani pa mamita 5 mukuyenda 30, pa 60 afuna mamita 20, ndipo pa 90 afuna 45.

Umenewotu ndi mtunda woyambira pamene phazi laponda kale buleki. Pa makilomita 60 pa ola galimoto imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Kusuzumira pa foni masekondi awiri okha, mwayenda mamita 33 muli chitseka maso, pa msewu umene ana asukulu amawoloka m'mawa uliwonse.

Munamvapo fungo la mabuleki opserera potsetsereka kupita kunyanja? Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti pa ulendo wa ku Nkhata Bay mumatsika mamita oposa 750.

Tsopano werengani nane: kulemera, kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsa ndi mtunda umene mwatsika. Thiraki ya matani 30 ikatsika phiri limenelo imamasula mphamvu yoti ingawiritse madzi ozizira odzaza madiramu atatu a malita 200, ina n'kutsala. Mwaona chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amatsika ndi giya yaing'ono, kuti injini igawane moto umenewo ndi mabuleki?

Nanga munthu wokwera phiri lomwelo wapansi? Papepala, kukweza thupi la makilogalamu 60 pamtunda umenewo kumangofuna mphamvu ya m'nthochi imodzi yaikulu. Koma thupi lathu limataya pafupifupi magawo anayi mwa asanu ngati kutentha ndi thukuta, choncho gulani nthochi zinayi kapena zisanu.

Wakabaza, uja wa sakramento amene amakudikirani pamphambano, ali ndi makina odabwitsa kwambiri pakati pa miyendo yake. Tcheni chosamalidwa bwino, chothira oyilo, chimafikitsa ku tayala magawo oposa 95 pa 100 a mphamvu yochokera ku mapedulo. Pamsewu wosalala, nsima imene ingakuyendetseni kilomita imodzi wapansi, panjinga ikufikitsani makilomita atatu kapena kuposerapo.

Mupempheni aime, mugwade, muwerenge mano. Ngati giya yakutsogolo ili ndi mano 44 ndipo yakumbuyo 18, phazi likazungulira kamodzi tayala lazungulira kawiri ndi pafupifupi theka. Tayala la njinga zikuluzikulu zija limayenda mamita awiri ndi kagawo likazungulira kamodzi, ndiye kupalasa kumodzi ndi mamita oposa 5.

Mwamuonapo akafika pachitunda, akuyenda mokhotakhota m'malo molunjika? Sanaledzere, akutalikitsa njira kuti chitunda chifewe. Nzeru yomweyo ndi imene inamanga msewu wa Gorodi wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, umene uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20.

Mukafika kumeneko mukaone mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Simufunika tepi kuti mutsimikize, wotchi yokha ikwana: mwala wogwa mtunda umenewo umatenga masekondi asanu. Ukamafika pansi umakhala ukuthamanga pafupifupi makilomita 180 pa ola!

Chinsinsi chake n'chachifupi moti mungachilembe pachikhatho. Tengani masekondi, muwachulukitse ndi iwo okha, kenako muchulukitse ndi 5. Sekondi imodzi mamita 5, awiri mamita 20, atatu 45, asanu 125.

Peyala lothothoka pa nthambi ya mamita 5 limafika pansi patatha sekondi imodzi yokha. Koma m'sekondi imeneyo lapeza kale liwiro la makilomita 36 pa ola. Mudakafunabe kuimika galimoto pansi pa mtengo uja?

Nanga peyala lalikulu ndi laling'ono, liyambe kufika ndi liti? Amafika limodzi, monga ananenera Galileo Galilei wa ku Italy zaka 400 zapitazo. M'chaka cha 1971 David Scott wa mu ulendo wa Apollo 15 anaima pa mwezi, pamene palibe mpweya, n'kutaya hamala ndi nthenga ya mbalame nthawi imodzi, ndipo zinagunda fumbi limodzi.

Kuno pansi mpweya ndi umene umasokoneza, ndipo tiziuthokoza. Dontho la mvula lochokera ku mtambo wa makilomita awiri, pakanapanda mpweya woligwira, likanafika pa malata anu likuthamanga makilomita 700 pa ola. Ndi mmene imagwera mvula ya Mzuzu mu Epulo, mwayi wathu ndi woti ngakhale madontho akuluakulu amangofika pa 30 kapena kuposa pang'ono.

Nayi ina yoti muyese lero lomwe. Mnzanu agwire rula ya masentimita 30 cha kumwamba, inu mutsegule zala pa ziro osaikhudza, iye aisiye osakuuzani. Ambiri amaigwira itatsika masentimita pafupifupi 20, kutanthauza kuti kuchokera m'maso kufika ku zala uthenga watenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi.

Tengani zitsekerero ziwiri za mabotolo, muziike m'mphepete mwa tebulo. Chimodzi muchithethetse ndi chala chiuluke kutali, chinacho chingogwa pomwepo nthawi yomweyo, kenako mvetserani. Kulira kwake ndi kumodzi, chifukwa kupita kutsogolo sikuchedwetsa kugwa: pa tebulo la masentimita 80 zonse zimatenga masekondi 0.4.

Nthawi yomweyo, masekondi 0.4, ndi imene goloboyi amakhala nayo pa penate. Mpira umaikidwa pa mamita 11, ndipo womenya mwamphamvu amautumiza pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Theka la nthawiyo limathera poti maso auze thupi, ndiye mukadzapita pa Mzuzu Stadium musamunyoze akalumphira mbali ina.

Mukukumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango pa 25 Januwale 2022, pamene Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé? Anaumenya ali pa mamita oposa 30, mpira n'kudutsa pamwamba pa Yassine Bounou, n'kutsikira mu ukonde. Mpira ukakhala m'malere sekondi imodzi ndi theka, dziko limautsitsa mamita 11 kuchoka pamene unalunjika, kutalika kwa magolo anayi ndi theka osanjikiza!

Kodi mumadziwa kuti thumba lanu la chimanga limapepuka pang'ono chifukwa muli ku Mzuzu? Tili pafupi ndi pakatikati pa dziko komanso pamtunda, choncho dziko limatikoka mofooka pang'ono kusiyana ndi ku North Pole. Sikelo yopachika ija ya sipulingi, imene kuno yaonetsa makilogalamu 50, kumeneko ingawonjezere kota ya kilo popanda wothiramo njere ngakhale imodzi.

Pa mwezi sikelo yomweyo ingaonetse makilogalamu 8 okha, mwana wa Sitandade 4 n'kulinyamula thumbalo. Chimanga chake n'chomwecho, nsima yake n'chimodzimodzi, chasintha ndi chikoka chokha. Ophunzira a Folomu 3, apa ndi pamene mamalikisi ambiri amatayikira: makilogalamu ndi kuchuluka kwa chinthu, ma Newton ndi mphamvu imene chikukokedwa nayo, ndipo Newton imodzi ndi kulemera kwa tomato mmodzi wa magalamu 100.

Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi ndi makilogalamu 20 osawerengera ndowayo. Mayi wa makilogalamu 60 akaisenza kuchokera pa mpopi, wanyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake, n'kumacheza ndi anzake ali m'njira. Ine izi zimandidabwitsa kuposa za ku mwezi zija.

Zinadabwitsanso akatswiri a sayansi. M'chaka cha 1986 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa ku Kenya pa amayi achi Luo ndi achi Kikuyu ozolowera kusenza. Anapeza kuti ankanyamula katundu wofika magawo 20 pa 100 a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu imene amagwiritsa ntchito poyenda chimanjamanja.

Mwana wochenjera amatenga kachidebe ka madzi n'kukazunguza mmwamba, madzi osatayika ngakhale kali chadodolido. Si matsenga: madzi akugwa ndithu, koma chidebe chikukhota msanga kuposa mmene iwo angagwere. Ngati mkono ndi chogwirira zakwana mita imodzi, chidebe chizizungulira kamodzi masekondi awiri asanathe, apo ayi mwasamba.

Pitani pa galaja muone makanika akulimbana ndi nati yokana ya tayala. Sapita kukadya nsima yambiri, amangotenga paipi n'kuiveka pa sipanala. Sipanala ya masentimita 30 ikatalika kufika 90, mkono womwewo wasanduka mikono itatu, ndipo chogwirira cha mjigo n'chachitali pa chifukwa chomwecho.

Katungwe naye ali ndi zake. Akwerepo mwana kapena agogo ake aamuna, nthawi yopita ndi kubwera ndi yofanana, chifukwa wolamula ndi kutalika kwa chingwe. Mukafuna kuti nthawiyo iwirikize kawiri, chingwe chitalike kanayi.

Ndipo ndi katungwe wamng'ono mungayeze chikoka cha dziko lonse muli m'khitchini mwanu. Mangani mwala ku ulusi wa mita imodzi, muukankhe pang'ono, muwerenge maulendo 20 opita ndi kubwera pa wotchi ya pa foni. Mupeza masekondi pafupifupi 40, ndipo mukalowetsa mu fomula ya m'buku mutuluka nambala yomwe ija aphunzitsi amalemba pa bolodi, 9.8.

Inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, kapena muli chaka choyamba ku Mzuni ku Luwinga, musathamangire kusaka fomula. Jambulani kaye chinthucho, kaya ndi kabokosi chabe, muike mivi yosonyeza chilichonse chimene chikuchikoka kapena kuchikankha. Wilibala yokwera chitunda ili ndi mivi inayi yokha: dziko, nthaka, kukhuzana kwa tayala ndi nthaka, komanso manja anu.

Chachiwiri, samalani ndi nambala iyi: 3.6. Makilomita pa ola mukawagawa ndi 3.6 mupeza mamita pa sekondi, choncho 36 ndi 10, 72 ndi 20. Woiwala zimenezi pa funso la mabuleki yankho lake limakula pafupifupi ka 13.

Mukamaliza, lifunseni yankho lanu ngati lingachitike pa msewu wa M1. Mwapeza kuti mwana wasukulu akuthamanga mamita 40 pa sekondi? Usain Bolt, pamene ankamaliza mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ankangopitirira pang'ono mamita 10 pa sekondi.

Kodi mumadziwa kuti anthu oyandama m'chombo cha International Space Station sanathawe chikoka cha dziko? Ali pa makilomita pafupifupi 400 okha mmwamba, kungoposa pang'ono ulendo wa Mzuzu kupita ku Lilongwe, ndipo kumeneko dziko limakokabe ndi magawo 90 pa 100 a mphamvu yake. Amayandama chifukwa akugwa limodzi ndi chombo chawo, koma akuthamangira cham'mbali kwambiri moti amaphonya dziko n'kulizungulira ka 16 pa tsiku.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anayamba kusanthula zithunzi za m'mabuku a sayansi a mu laibulale yaing'ono. Anatenga zitsulo za njinga, dayinamo ndi fani ya thirakitala, n'kumanga makina a mphepo amene anayatsa mababu kunyumba kwawo. Nanga mukudziwa chimene chimachitika mphepo yowomba makina otere ikawirikiza liwiro kawiri? Mphamvu yake imawirikiza ka 8!